John Ruskin ndi Buku la Miyala ya ku Venice

Aphunzitsi anzanga amadziŵa chimene chimachitika buku latsopano likafika m'kalasi. Mwana saliyambira pa tsamba loyamba ayi. Amalivundukula mofulumira kufunafuna zithunzi, ndipo akaziona zonse m'pamene amatsimikiza ngati bukulo aliŵerenge kapena alibweze. Olemba ambiri khalidwe limeneli amalidziŵa, n'chifukwa chake amathira zithunzi m'mabuku mwawo monga mai athirira nsinjiro m'ndiwo, kuti zikome. Munthu amene tikambe za moyo wake lero sankaganiza motero. Kwa iye chithunzi cha m'buku chidali mboni pa mlandu, ndipo mboni saiitanira kudzakometsa bwalo. Munthuyo ndi John Ruskin, Mngelezi amene adatha zaka zinayi akuyeza, kujambula ndi kulemba za nyumba za mzinda umodzi wa ku Italy wotchedwa Venice.

Ruskin adabadwa pa 8 Febuluwale 1819 mu mzinda wa London, ndipo adali mwana mmodzi yekha m'banja mwawo. Bambo ake, a John James Ruskin, adali amalonda olemera, oitanitsa vinyo kuchokera ku Spain. Mai ake, a Margaret, adali mkhristu wa malamulo okhwima, ndipo ankafunitsitsa kuti mwana wawo adzakhale mbusa. M'maŵa uliwonse mai ndi mwana ankaŵerenga Baibulo mokweza, kuyambira Genesis mpaka Chivumbulutso, akamaliza n'kuyambiranso. Zidole zidali zoŵerengeka m'nyumbamo, anzake oseŵera nawo adalinso osoŵa, kotero kuti mwanayo adazoloŵera kukhala phee akuyang'anitsitsa maluŵa olukidwa pa kapeti, kapena kuŵerenga njerwa za makoma a nyumba zoyandikana nawo. Kalelidwe kotere sitingakayamikire kwenikweni, pakuti kadampundula pa zina, monga tiona kutsogoloku. Koma kadampatsa diso lodekha limene anthu ambiri alibe.

Mu 1832, atakwanitsa zaka 13, mnzawo wa bambo ake pa malonda, Henry Telford, adampatsa mphatso ya buku la ndakatulo lotchedwa Italy, lolembedwa ndi Samuel Rogers. Ndakatulozo lero ndi ochepa amaziŵerenga. Chimene chidamgwira mtima mnyamatayo ndi tizithunzi ta m'bukumo, tojambulidwa ndi katswiri J. M. W. Turner, ndipo adayamba kutikopera mzere ndi mzere. Tinganene kuti munthu amene adadzapanga limodzi la mabuku azithunzi otchuka koposa adayambira pa buku la zithunzi la wina. Mu 1835 makolo ake adapita naye ku Venice koyamba. Mu 1837 adaloŵa yunivesite ya Oxford, mai ake n'kumlondola komweko, n'kuchita lendi nyumba pafupi kuti azimwa naye tiyi madzulo aliwonse. Pofika 1843, ali ndi zaka 24 zokha, adatulutsa buku loyamba la Modern Painters, loikira kumbuyo Turner kwa anthu amene ankanyoza zojambula zake.

Tsono tiyenera kuudziŵa mzinda umene udamsautsa moyo wake wonse. Venice adamangidwa pa tizilumba toposa 100 m'kati mwa nyanja yosaya, ya matope, imene mwa zina tingaifanizire ndi Chilwa wathu, kungoti madzi ake amakwera ndi kutsika tsiku lililonse. Eni ake ankakhoma mitengo m'matopemo, mitengo yosaŵerengeka, n'kumanga pamwamba pake nyumba za njerwa zokutidwa ndi miyala ya nsangalabwi. Miseu yake ikuluikulu ndi ngalande, ndipo anthu amayenda pa mabwato. Kwa zaka pafupifupi 1,000 mzindawu udali dziko pawokha, lolamulidwa ndi mtsogoleri wochita kusankhidwa wotchedwa Doge, ndipo udalemera ndi malonda a pakati pa Ulaya ndi maiko a Kum'maŵa. Chifukwa cha malondawo, mamangidwe a ku Constantinople, a Aluya ndi a kumpoto kwa Ulaya adakumana pa khoma limodzi. Ufulu wa Venice udatha mu 1797 Napoleon ataugonjetsa, ndipo m'masiku a Ruskin mzindawu udali m'manja mwa Austria, uli wosauka, nyumba zake zikugumuka.

Mu 1845 Ruskin adapitanso kumeneko, ulendo uno wopanda makolo, ndipo zimene adaona zidamdula mtima. Mlatho wa njanji wolumikiza mzindawo ndi mtunda udali pafupi kutha. Amisiri ankapala makoma akale kuti aoneke atsopano. Pa nyumba ina yokongola yotchedwa Ca' d'Oro, iye ankajambula ali m'bwato kwinaku anthu akugumula ndi nyundo zinthu zomwe ankajambulazo. Paulendo womwewo adaloŵa m'nyumba ya Scuola di San Rocco n'kuona zojambula zikuluzikulu za Tintoretto, ndipo zidamkhalitsa pansi ali kakasi. Adapezanso chinthu chatsopano chotchedwa daguerreotype, ndicho chithunzi cha kamera cha mtundu woyambirira, chogwidwa pa kachitsulo ka mkuŵa kokutidwa ndi siliva. Adagula zingapo, ndipo adazindikira msanga kuti kachitsuloko kankasunga mng'alu uliwonse wa mwala mosanama.

Adakwatira Euphemia Gray, amene ankamutchula kuti Effie, mu Epulo 1848. Chaka chomwecho anthu a ku Venice, motsogozedwa ndi Daniele Manin, adaukira Austria, ndipo adalimbikira mpaka Ogasiti 1849, pamene njala, kolera ndi mizinga zidaŵagonjetsa. Patangopita miyezi itatu, mu Novembala, Ruskin ndi mkazi wake adafika mu mzindawo n'kukhala mu hotela ya Danieli mpaka Malichi 1850. Adabweranso mu Sepitembala 1851 n'kukhala mpaka Juni 1852. M'nyengo ziŵiri zimenezi ndimo mudagwiridwa ntchito ya buku lotchedwa The Stones of Venice, kutanthauza miyala ya ku Venice.

Poyamba Ruskin ankayesa kuti ntchitoyo ikhala yopepuka: aŵerenga zimene akatswiri a mbiri a komweko adalemba kale, iye n'kuwonjezerapo zithunzi ndi maganizo ake. Koma adapeza kuti akatswiriwo sankagwirizana ngakhale pa nyumba yotchuka koposa, nyumba yachifumu ya Doge. Pa funso lakuti makoma ake adamangidwa liti ankasiyana ndi zaka 100 kapena kuposapo. Mngelezi wina wokhala komweko, Rawdon Brown, amene ankadziŵa bwino zikalata zakale za boma la Venice, adamthandiza kwambiri, komabe zikalata sizinkanena zonse. Pamenepo Ruskin adatsimikiza zofunsa miyala yeniyeniyo. Ankadzuka m'mamaŵa, m'chisanu choti zala zinkachita kutupa, n'kutenga makwerero, chingwe choyezera ndi timabuku ta m'thumba. Kabuku kena kadali ka makomo okhaokha, kena ka nyumba, kena ka tizidutswa ta zosemasema. Ankakwera pa zipilala, kukwaŵa pansi pa makonde, kuloŵa m'mabwalo a eni ake osauka amene ankayanika zovala pa miyala ya zaka 600. Wantchito wake, John Hobbs, ndiye ankasenza kamera ndi kutsuka zitsulo za zithunzi. Anthu a mumzindamo ankamuona ali mbuu ndi fumbi ndi ukonde wa akangaude, n'kumadabwa kuti bwana wolemera angasandukirenji wotero. Kuona maso a nkhono n'kudekha, adatero akale, ndipo kudekhako kudabala chipatso. Poyerekeza mazenera mazanamazana, Ruskin adaona kuti kupindika kwa pamwamba pa zenera kudasintha pang'onopang'ono m'kupita kwa zaka, kuchokera pa uta wozungulira kufika pa uta wosongoka wokhala ndi mano m'kati mwake. Adaŵagaŵa m'magulu 6, n'kuŵandandalika pa tsamba limodzi m'mizere, kotero kuti woŵerenga, atagwira tsamba limenelo, angathe kuyang'ana nyumba n'kuganizira zaka zake monga mlimi adziŵira zaka za ng'ombe poyang'ana mano. Akatswiri a masiku ano adakonza zina mwa zaka zake, koma magulu a mazenerawo amaŵatchulabe.

Nkhani imene ine ndimaikonda koposa idachitikira m'tchalitchi cha Santi Giovanni e Paolo, m'mene muli ziliza za atsogoleri ambiri a Venice. Chiliza cha Doge Andrea Vendramin, amene adamwalira mu 1478, chinkatamandidwa m'mabuku kuti ndicho chokongola koposa. Pamwamba pake, kutali ndi maso a munthu woima pansi, pagona chifaniziro cha malemuwo chosemedwa pa mwala. Ruskin adabwereka makwerero n'kukwera. Adapeza kuti mmisiri adasema mbali yokhayo yooneka kwa anthu: dzanja lidali limodzi, nkhope idali theka, mbali ya kukhoma udali mwala wosakhudzidwa. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pa chiliza china cha m'tchalitchi momwemo, cha Doge Tomaso Mocenigo amene adamwalira mu 1423, adapeza kuti mmisiri adasema mokhulupirika. Pa ziliza ziŵirizi Ruskin adamangapo mlandu wa buku lonse. Iye ankati mamangidwe a mzinda amaulula mtima wa anthu ake. Kuti Venice adali wamphamvu pamene amisiri ake ankagwira ntchito moona, ndipo adayamba kugwa pamene adayamba kugwirira maso a anthu. Kuyambika kwa kugwako adakuika pa chaka cha 1418. Ndipo adachenjeza Angelezi anzake, amene nawonso ankalamulira nyanja ndi malonda, kuti njira imene adayenda Venice ingadzakhale yawo.

Kusonkhanitsa umboni ndi ntchito ina, kuuika m'buku ndi inanso, ndipo apa m'pamene ndifuna tikhalitsepo. M'masiku amenewo kudalibe njira yosindikizira chithunzi cha kamera pa pepala la buku. Daguerreotype idali imodzi yokha basi, yosatheka kuichulukitsa, ndiponso inkaonetsa zinthu motembenuza ngati kalilole. Choncho chithunzi chilichonse chinkayenera kudutsa m'manja mwa anthu. Ruskin ankajambula pa pepala, nthaŵi zina akuyang'ana pa kachitsulo ka kamera kuti asaphonye kanthu, kenaka mmisiri wozokota ankakopera chojambulacho pa chinthu chimene chingapakidwe inki. Njira zake zidali zingapo, ndipo iliyonse idali ndi ubwino ndi vuto lake. Tizithunzi ting'onoting'ono tofotokozera, monga kaimidwe ka khoma kapena kadulidwe ka mwala, tinkasemedwa pa thabwa lolimba. Ubwino wake ngwakuti thabwalo linkaikidwa pamodzi ndi zilembo, motero chithunzi chinkakhala pambali penipeni pa mau ochifotokoza. Zithunzi za tsamba lathunthu zambiri zinkazokotedwa pa chitsulo, chimene chimasunga mizere yopyapyala ngati tsitsi ndipo sichitha msanga, koma zinkasindikizidwa padera pa makina ena, n'kudzasokereredwa m'buku pambuyo pake. Pofuna kuonetsa mthunzi wakuya wa pansi pa khonde, mmisiri ankayamba wakanda chitsulo chonse kuti chizigwira inki paliponse, kenaka n'kumasalaza malo oyenera kuŵala. Njira imeneyi imatchedwa mezzotint, ndipo katswiri wake pa bukuli adali Thomas Lupton. Zina zinkajambulidwa pa mwala wosalala ndi choko cha mafuta, ntchito imene Thomas Shotter Boys adathandizapo. Zoŵerengeka zidapatsidwa mitundu, pakuti makoma a ku Venice sungaŵamvetse popanda kufiira ndi kubiriŵira kwa miyala yake. Mutu umodzi susenza denga: maina a J. C. Armytage, R. P. Cuff ndi J. H. Le Keux alembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono pansi pa zithunzizo, ndipo aŵerengi ambiri saŵaona n'komwe.

Vuto lalikulu lidali la kukula kwa tsamba. Zojambula zina za Ruskin zidali zazikulu, zodzaza ndi timasamba ndi timaluŵa tosemedwa. Kuzichepetsa kuti zikwane m'buku logwirika m'manja kukadazunza wozokota ndi woŵerenga yemwe, ndipo umboni ukadatayika. Kukulitsa buku lonse kukadalisandutsa chinthu choyala pa tebulo, chosatheka kuŵerenga utakhala pa mpando. Ruskin adasankha kulekanitsa ziŵirizi. Mau pamodzi ndi zithunzi zotheka kuchepetsa adaziika m'buku. Zithunzi zikuluzikulu adazitulutsa pazokha m'mapepala aakulu, pa mutu wakuti Examples of the Architecture of Venice. Adalinganiza kuti zituluke m'zigawo 12. Zidatuluka zitatu zokha, mu 1851, n'kuimira pomwepo, chifukwa mtengo wake udali wokwera ndipo ogula adali ochepa. Akadapanda kukhala mwana wa munthu wolemera, amene ankasamala za ndalama ndi kukambirana ndi osindikiza a Smith, Elder, ndikayika ngati ntchito yonseyi ikadatheka.

Chinthu china choyenera kuchiona ndi mtundu wa zithunzi zimene adasankha. Mabuku a Venice adalipo kale ambiri, odzaza ndi mabwato pa madzi ndi mwezi ukuŵala pa nsanja, zithunzi zoti mlendo akaonetse abale kwawo. M'mabuku atatu a Ruskin muli zithunzi za tsamba lathunthu 53, ndipo zotere mulibemo pafupifupi n'chimodzi chomwe. Mupezamo mitu ya zipilala itandandalikidwa, matsinde a zipilala, tizidutswa ta makoma, masamba osemedwa a zaka zosiyana ataikidwa pamodzi kuti diso lidzionere lokha kusintha kwake. Chithunzi chilichonse chili ndi manambala, ndipo mau amakutuma kuti uyang'ane nambala yakuti, uyerekeze ndi yakuti. Ndi buku lotopetsa kwa munthu wofuna kungosangalala, koma limamlemekeza woŵerenga, chifukwa limampatsa zida zoti atsutsire wolembayo ngati walakwa.

Kandandalikidwe ka nkhani nakonso kadali kachilendo. Buku loyamba, lotuluka mu Malichi 1851, ndi sukulu ya zomangamanga: khoma n'chiyani, chipilala chimasenza bwanji katundu, denga limakhala bwanji. Ruskin sadafune kuti munthu aloŵe mu Venice asanaphunzire kuona, motero woŵerenga amakwera bwato lopita kumzindako pa masamba otsiriza enieni. Ambiri adatopa asanafike padooko, ndipo bukulo lidayenda pang'onopang'ono pamsika. Lachiŵiri, la mu Julayi 1853, ndilo mtima wa ntchito yonse. Limayambira pa chilumba chachete cha Torcello, kumene anthu oyamba adathaŵira nkhondo, n'kupita ku Murano, n'kuloŵa m'tchalitchi chachikulu cha Marko Woyera, n'kuthera pa nyumba ya Doge, kumene adafotokoza mitu ya zipilala 36 za khonde lapansi, umodzi ndi umodzi. Lachitatu, la mu Okutobala chaka chomwecho, likamba za kugwa kwa mzindawo, ndipo kumapeto kwake kuli mndandanda wa nyumba ndi matchalitchi motsata alifabeti, wothandiza mlendo woyenda pansi.

M'kati mwa buku lachiŵirilo muli mutu umodzi wotchedwa The Nature of Gothic, umene udatchuka kuposa mabuku onse atatu. M'menemo Ruskin adasiya miyala n'kuyang'ana dzanja losema. Adati wosema wakale ankaloledwa kuganiza. Ntchito yake idali ndi zolakwika, masamba ake sankafanana, koma m'zolakwikamo mudali moyo wa munthu. Wantchito wa m'fakitale ya ku England ankatulutsa zinthu zosalala, zofanana ndendende, chifukwa adamsandutsa chida. Mutuwu udasindikizidwa pawokha mu 1854 n'kugaŵidwa potsegulira koleji ya anthu apantchito ku London, kumene Ruskin mwini ankaphunzitsa kujambula madzulo. William Morris adausindikizanso mokongola mu 1892. Maganizo omwewo adakula n'kubala buku la Unto This Last, limene Gandhi adaŵerenga m'sitima yochoka ku Johannesburg kupita ku Durban mu 1904, n'kusintha nalo moyo wake.

Komabe m'mutu womwewo muli malo amene ife a kuno sitingaŵadutse osaima. Pofuna chitsanzo cha ntchito yopha nzeru, Ruskin adatenga opanga mikanda ya galasi, amene ankakhala tsiku lonse akuduladula timitengo ta galasi manja akunjenjemera, ndipo adanena kuti ukapolo umenewo ndi wankhanza kuposa malonda a akapolo a ku Africa. Mikanda yambiri imene amalonda ochokera kugombe ankabwera nayo m'dera lathu lino m'zaka za m'ma 1800 inkapangidwa ku Venice komweko, ndipo pamodzi ndi nsalu ndi mfuti inkasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu ndi anthu amoyo. Munthu amene adakwera makwerero kukaona mbali yobisika ya chiliza sadadzivute kuyang'ana mbali yobisika ya mkanda. Khungu lomweli lidaonekanso pamene adaikira kumbuyo bwanamkubwa Eyre, amene mu 1865 adaphetsa anthu akuda oposa 400 ku Jamaica, ndiponso mu 1870, pamene adalimbikitsa ophunzira a ku Oxford kuti dziko lawo lifulumire kutenga maiko ena. Bukuli lilinso ndi tsankho lalikulu pa Akatolika, limene iye mwini adadzachita nalo manyazi atakula, ndipo chidani chake pa mamangidwe a nyengo ya Renaissance chidapitirira muyeso, mwakuti adanyoza nyumba zina zimene dziko lonse limazilemekeza. Palinso chododometsa china. Buku lotamanda mmisiri waufulu lidapangidwa ndi ozokota amene sankaloledwa kusintha kamzere ngakhale kamodzi. Ruskin adachizindikira chimenechi pambuyo pake, ndipo m'maphunziro ake a mu 1872 adadandaula za thukuta losayamikika la anthu ozokota zithunzi.

Panyumba zinthu sizidayende. Ku Venice iye ankakhala ndi miyala, mkazi wake n'kumapita yekha ku madansi ndi kukacheza. Ukwatiwo udali wa dzina lokha, ndipo udathetsedwa mwalamulo mu 1854. Chaka chotsatira Effie adakwatiwa ndi wojambula John Everett Millais. Mwana woleredwa yekha uja adadziŵa kuyang'ana mwala kwa maola asanu, koma kukhala ndi munthu mnzake kudamkanika.

Chimene chidachitikira zithunzi zake ndicho chidampweteka koposa. Panali zina zomkondweretsa: pomanga nyumba yosungiramo zachilengedwe ku Oxford, pakati pa 1855 ndi 1860, osema miyala adaloledwa kutenga zomera zenizeni n'kuzisema pa zipilala monga adazionera. Koma omanga ambiri adachita zomwe amachita ana a m'kalasi aja. Adavundukula buku, n'kutenga zithunzi, mau n'kuŵasiya. Mazenera a ku Venice adayamba kuoneka pa mabanki, pa mafakitale ndi pa nyumba zomweramo moŵa m'dziko lonse la England, opangidwa mochuluka ndi antchito otopa omwe aja Ruskin ankaŵalirira. Tsamba la magulu 6 a mazenera, limene adalikonza kuti likhale umboni, lidasanduka kabuku kosankhiramo katundu. Mu 1872 adalembera nyuzipepala ina kuti chimodzi mwa zifukwa zosamukira pa nyumba yake ya ku London ndi chakuti idazingidwa ndi zinyumba zonyansa zimene iye mwini adazibala mosafuna. Adakakhala ku Brantwood, m'mbali mwa nyanja ya Coniston kumpoto kwa England.

Venice sadamtaye. Atabwererako mu 1876 adapeza kuti mbali ya kumwera ya tchalitchi cha Marko Woyera aimanganso, miyala yakale ya maŵangamaŵanga ataichotsa n'kuikapo yotuŵa yosalala. Adathandiza ndi ndalama ndi mau oyamba buku la Alvise Zorzi, mbadwa ya mzindawo, lotsutsa ntchitoyo, limene lidatuluka mu 1877. Mu 1879 William Morris ndi bungwe lake loteteza nyumba zakale adakweza mfuu ku England, ndipo kumaso kwa tchalitchicho sikudakonzedwenso mwa njira yowononga ija. Chaka chomwecho Ruskin adayamba kutulutsa The Stones of Venice yofupikitsidwa, m'timabuku tiŵiri ta apaulendo, topanda zithunzi zikuluzikulu zija. Kwa munthu woimirira pamaso pa mwala weniweniwo mboni siifunikanso.

Zaka zake zotsiriza zidali za mdima. Chuma chambiri chimene bambo ake adamsiyira mu 1864 adachigaŵa pa ntchito zothandiza anthu ndi zophunzitsa. Mu 1878 adadwala misala koyamba, ndipo matendawo ankabwerabwera. Chaka chomwecho udazengedwa mlandu umene wojambula Whistler adamsumira chifukwa cha mau onyoza, bwalo n'kugamula kuti Ruskin alipire kakobiri kamodzi kochepetsetsa. Adaona Venice komaliza mu 1888, ndipo kuyambira chaka chotsatira sadalembenso kanthu kooneka. Munthu amene zolemba zake zidadzadzaza mabuku 39 ankangokhala pa zenera akuyang'ana nyanja ndi phiri. Adamwalira pa 20 Januwale 1900. Adapatsidwa malo ku Westminster Abbey, kumene kumagona anthu otchuka a dzikolo, koma abale ake adatsata kufuna kwake n'kumuika m'manda a pa tchalitchi cha ku Coniston.

Timabuku take ta m'thumba tidasungidwa, ndipo okonza nyumba za ku Venice amatifunsabe akafuna kudziŵa m'mene khoma lakuti lidaliri lisanakhudzidwe. Zitsulo zambiri za kamera zidasoŵa katundu wa ku Brantwood atagulitsidwa m'zaka za m'ma 1930. Mu 2006, pa msika wina wa okushoni m'boma la Cumbria, m'dera lomwelo la Coniston, padatulukira bokosi lakale lamatabwa limene ogulitsa ankaliyesa la mtengo wochepa. M'kati mwake mudali madaguerreotype 188 a Ruskin, ndipo pakati pawo padali a makomo, mazenera ndi zipilala za ku Venice.